ZA UMOYO M'BANJA: Tizipata ta Mtima ndi Imfa Yadzidzidzi

Palibe maliro obvuta kuwalandira monga a munthu amene sanadwale. Wodwala nthawi yaitali timamsamalira, timamuitanira Abambo kuti amdzoze mafuta a odwala, ndipo tsiku likafika mitima yathu imakhala itakonzekako. Koma mnyamata wa zaka 17 akagwa pabwalo la mpira osadzukanso, kapena mai amene wabereka kumene akapezeka m'mawa atazizira pamphasa, misozi imadza pamodzi ndi funso lakuti: ndani wacita zimenezi? Kuno ku Kapata, monganso ku Mchini, ku Nabvutika ndi m'midzi yozungulira, funsoli silicedwa kupeza yankho. Zala zimayamba kuloza agogo ena okhala okha, kapena mnzake wa malemu wa pamsika, ndipo ena amanyamuka usiku kupita kwa ng'anga kukaombeza.

Imfa zambiri zadzidzidzi pakati pa akulu zimadza cifukwa ca kuthamanga kwa magazi, kumene tonse timati BP, kapena sitiroko, kapena mtima umene unaonongeka kale ndi matenda ena. Zimenezi dotolo akapima mtembo amaziona ndi maso. Koma pali gulu lina la imfa limene silisiya cizindikiro. Dotolo amapeza mtima wooneka bwino, wosatupa, wopanda bala, ndipo abale akamva zimenezi amati umboni wa ufiti ndi umenewo. Mwezi uno tikambirane za imfa zoterezi, pakuti gwero lake linadziwika. Liri m'tinthu tating'ono zedi timene ophunzira amati ion channels. Ife titiche tizipata ta mcere, pakuti nchito yake ndi ya cipata, liu lomwe lija liri m'dzina la tauni yathu.

Magetsi a m'mtima

Mtima wa munthu wamkulu ndi wolingana ndi nkhonya yake. Munthu akakhala phee umagunda ka 60 kufikira ka 100 pa mphindi imodzi, ndiye kuti pafupi-fupi ka 100,000 pa tsiku, popanda mwiniwake kuulamula. Lamulo limacokera m'kati mwa mtima momwemo. M'caka ca 1907 akatswiri awiri a ku Britain, Arthur Keith ndi Martin Flack, anapeza kagulu ka minofu kumtunda kwa cipinda ca kumanja ca mtima kamene kamayambitsa kugunda kuli konse potumiza kamphamvu ka magetsi. Magetsiwo amafalikira mumtima monse, ndipo pali ponse pamene afika mnofu umafinyika nkukankha magazi.

Nanga m'thupi lopanda waya magetsi acokera kuti? Acokera ku mcere wosungunuka m'madzi a m'thupi. Mcere ukasungunuka umagawika m'tizidutswa tonyamula mphamvu ya magetsi. Mitundu itatu ndiyo yofunika kumtima. Woyamba ndi sodiyamu, amene ali mumcere wothira m'ndiwo. Waciwiri ndi potasiyamu, amene alimi amamdziwa ndi dzina lakuti potashi, cilembo K cija ca pa thumba la feteleza wa D Compound. Wacitatu ndi kalisiyamu, wopezeka m'mafupa, mumkaka ndi m'kapenta. M'caka ca 1883 dotolo wa ku London, Sidney Ringer, anafotokoza cinthu cimene anacipeza mwamwai. Iye ankasunga mitima ya acule m'madzi a mcere, ndipo inkagunda kwa maola ambiri. Kenaka anazindikira kuti womthandiza wake ankatunga madzi a pampope m'malo mwa madzi osefedwa kotheratu. Atayesa ndi madzi osefedwawo, mitima inaleka msanga. Cimene cinali m'madzi a pampope ndi kalisiyamu. Mpaka lero dzina la Ringer limalembedwa pa matumba ena a madzi a diripu m'zipatala zathu.

Mnofu wa mtima ndi womangidwa ndi tizipinda ting'onoting'ono tochedwa maselo, ndipo selo liri lonse liri ndi cipupa copyapyala ca mafuta cimene mcere sungathe kucibooleza. M'cipupamo muli tizipampu timene Jens Skou wa ku Denmark anatitulukira mu 1957. Kapampu kali konse kamaturutsa tizidutswa titatu ta sodiyamu ndi kulowetsa tiwiri ta potasiyamu, osalekeza. Motero sodiyamu amacurukira kunja kwa selo, potasiyamu amacurukira m'kati. Ganizani za madzi a m'damu la Lutembwe. Akhala phee cifukwa ca cipupa, koma mphamvu yake iripo, ndipo mukatsegula mpata amathamanga okha. Selo la mtima lopuma liri ngati batire yodzaza. Batire ya m'toci iri ndi mavolti 1.5, pamene selo liri ndi pafupi-fupi 0.09, koma zimenezo nzokwanira.

Kamangidwe ka kacipata

Mipata yotsegulira mphamvu imeneyi ndiyo tizipata tathu. Mu 1952 Alan Hodgkin ndi Andrew Huxley a ku England anaonetsa, poyesa mitsempha ya nyama ina ya m'nyanja ya mcere, kuti uthenga wa magetsi umayenda pamene sodiyamu walowa m'selo, kenaka potasiyamu nkuturuka. Iwo sanatione tizipatato, anangozindikira kuti tiyenera kukhalapo. Mu 1976 Erwin Neher ndi Bert Sakmann a ku Germany, pogwiritsa nchito kapaipi ka galasi kosongoka kwambiri, anatha kupima magetsi odutsa pa kacipata kamodzi kokha, kakutseguka ndi kutsekeka. Ndipo mu 1998 Roderick MacKinnon wa ku New York anaonetsa maonekedwe enieni a kacipata ka potasiyamu. Iye analandira mphotho ya Nobel mu 2003 pamodzi ndi Peter Agre, amene anatulukira tizipata todutsa madzi, ndipo pambuyo pake anatsogolera nchito yofufuza za malungo ya yunivesite ya Johns Hopkins mogwirizana ndi a ku Macha, kum'mwera kwa dziko lathu lino.

Kacipata ka potasiyamu kamapangidwa ndi mapuloteni anai ofanana, oimirira mozungulira ndi kusiya kanjira pakati. Maonekedwe ake afanana ndi mono wogwirira nsomba: kwina kotakasuka, kwina kakhosi kopapatiza. Pa kakhosipo ndi pamene pali sefa. M'madzi, kacidutswa kali konse ka mcere kamayenda katazingidwa ndi timadontho ta madzi ngati cobvala. Kuti kadutse pa sefa kayenera kubvula cobvalaco, ndipo zipupa za sefayo zimakagwira m'malo mwa madzi. Muyeso wa sefa ndi wa potasiyamu ndendende. Sodiyamu ndi wocepa kuposa potasiyamu, cotero zipupazo sizimgwira bwino, iye amakakamira cobvala cake nkulephera kudutsa. Ciri ngati cipata ca khola cimene cilola ng'ombe kudutsa koma cikana mbuzi. Komabe sefayo siicedwetsa nchito: tizidutswa tofikira 100 miliyoni tingathe kudutsa pa kacipata kamodzi pa sekondi imodzi.

Kumbali ya m'kati mwa selo kuli citseko, ndipo pambali pake pali mbali ina ya puloteni imene imamva kusintha kwa magetsi. Magetsi akasintha, mbaliyo imasuntha nkukoka citseko. Tizipata ta sodiyamu ndi ta kalisiyamu tiri ndi kamangidwe kofananako, kungoti m'malo mwa mapuloteni anai pali puloteni imodzi yaitali yopindidwa m'magawo anai. Ka sodiyamu kali ndi cibvindikiro cina capadera cimene cimatseka njira mwamsanga kacipata katangotseguka. Cibvindikiro cimeneci mucikumbukire, pakuti tibwereranso kwa ico.

Kugunda kumodzi

Uthenga ukafika pa selo, tizipata ta sodiyamu timatseguka, sodiyamu amakhamukira m'kati, ndipo m'kanthawi kocepera kuphethira kwa diso timatsekekanso. Pamenepo ta kalisiyamu timatseguka. Kalisiyamu wolowayo amadzutsa kalisiyamu wina wambiri wosungidwa m'kati mwa selo, ndipo ndi iyeyo amene amacititsa mnofu kufinyika. Potsiriza ta potasiyamu timatseguka, potasiyamu amaturuka, selo limabwerera mwakale, mnofu umamasuka, mtima nkudzazanso magazi. Zonsezi zimatha m'gawo limodzi mwa magawo atatu a sekondi.

Makina a ECG, amene anayamba ndi Willem Einthoven wa ku Netherlands, wolandira mphotho ya Nobel mu 1924, amajambula magetsi amenewa papepala kupyolera m'timawaya tomatidwa pacifuwa, m'manja ndi m'miyendo. Salasa, sapweteka, ndipo salowetsa magetsi m'thupi, amangomvetsera. Mapiri ndi zigwa za pa pepalalo zinapatsidwa zilembo P, Q, R, S ndi T. Mtunda wa pakati pa Q ndi T umasonyeza nthawi imene maselo amatenga kucokera pa kudzuka kufikira pa kubwerera mwakale. Ukapitirira theka la sekondi, dotolo amadziwa kuti pali ngozi.

Ngoziyo iri motere. Amai awiri akamasinja mumtondo umodzi, munsi wina umatsika pamene wina wakwera. Mmodzi akacedwa kuutukula wake, minsi imaombana ndipo cimanga cimatayika. Comwecomwe tizipata ta potasiyamu tikacedwa kutseguka, kapena cibvindikiro cija ca sodiyamu cikapanda kutseka bwino, maselo ena amacedwa kubwerera. Uthenga wotsatira umapeza ena ali okonzeka, ena sanakonzeke, ndipo magetsi amayamba kuzungulira mosokonezeka. Mtima umanjenjemera koposa ka 200 pa mphindi popanda kukankha magazi. Bongo ukasowa magazi kwa masekondi owerengeka, munthu amakomoka. Kawirikawiri msokonezowo umaleka wokha, munthu nkudzuka ngati sipanacitike kanthu. Ukapanda kuleka, imfa imadza m'mphindi zocepa. Ndipo magetsi akazima sasiya cipsera, ndiye cifukwa cake wopima mtembo sapeza kanthu.

Pamene bvuto liri la cibadwa

Malangizo omangira kacipata kali konse timawalandira kwa makolo athu, monga momwe timalandirira msinkhu ndi khungu. Nthawi zina m'malangizomo mumakhala kolakwika kamodzi. Mu 1957 madotolo awiri a ku Norway, Anton Jervell ndi Fred Lange-Nielsen, analemba za banja la ana asanu ndi mmodzi. Anai mwa iwo anabadwa osamva ndipo ankakomoka kawirikawiri, atatu anafa mwadzidzidzi ali ana. Tsopano tidziwa kuti kacipata ka potasiyamu kamene kanali kolakwika mwa anawo kamagwiranso nchito m'kati mwa khutu. Mu 1963 Cesarino Romano wa ku Italy, ndi mu 1964 Conor Ward wa ku Ireland, anapeza mabanja a matenda omwewo koma a ana akumva bwino. Mu 1995 ndi 1996 gulu la Mark Keating ku Utah, m'dziko la America, linapeza malangizo atatu amene amalakwika kawirikawiri. Matendawa amachedwa Long QT, ndipo kafukufuku wa pa makanda a ku Italy, wofalitsidwa mu 2009, anasonyeza kuti amagwira pafupi-fupi mwana mmodzi mwa ana 2,000.

Mtundu uli wonse uli ndi coyambitsa cake. Wina umagwetsa munthu akamathamanga, makamaka akamasambira. Wina umagwetsa akadzidzimutsidwa ndi phokoso, monga belu kapena foni yolira usiku, ndipo umabvutitsa kwambiri amai m'miyezi yotsatira kubereka. Wacitatu umapha munthu ali m'tulo.

Si ife tokha amene tinafunafuna cifukwa ca imfa zotere kwa mizimu. Kumpoto ca kum'mawa kwa Thailand amuna a mphamvu zao ankafa m'tulo, ndipo anthu a m'midzi ankati mzimu wa mkazi wamasiye ndiwo ukuwatenga. Amuna ena ankagona atabvala zobvala za akazi kuti aupusitse. Mu 1992 abale awiri a ku Spain, madotolo Pedro ndi Josep Brugada, anafotokoza matenda okhala ndi cizindikiro cake pa ECG, ndipo mu 1997 cizindikiro comweco cinapezeka mwa amuna ambiri a ku Thailand amene anapulumuka. Mwa ena a odwala otere, colakwika ciri pa kacipata ka sodiyamu, ndipo kutentha thupi kumaonjezera ngozi.

Kuno ku Africa, Paul Brink wa pa yunivesite ya Stellenbosch ndi anzake analondola mabanja ambiri a Mabunu a ku South Africa okhala ndi Long QT, napeza kuti onse anacokera kwa mwamuna ndi mkazi amene anakwatirana ca m'ma 1730. Kolakwika kamodzi kanayenda mibadwo yonseyo. Ndipo mu 2002 gulu lija la Keating linapeza kusiyana kwina kwa kacipata ka sodiyamu mwa anthu 13 pa 100 ali onse akuda a ku America amene anapimidwa, kopezekanso mwa anthu a ku West Africa. Ambiri okhala nako sadwala moyo wao wonse, koma ngozi imakula pang'ono akamwa mankhwala ena kapena potasiyamu akacepa m'thupi.

Inu makolo, mverani bwino apa. M'mitundu yambiri ya matendawa, kholo limodzi likakhala nao, mwana aliyense ali ndi theka la mwai wakuwalandira, kaya ndi mnyamata kaya ndi mtsikana. Angadzere kwa bambo, angadzere kwa mai. Acewa ndi Ansenga amawerenga mtundu kucikazi, Angoni a kwa Mpezeni amawerenga kucimuna, koma magazi sadziwa mwambo, amatenga mbali zonse ziwiri. Cotero palibe cifukwa cotonzera mkazi kapena mwamuna kuti ndiye wabweretsa tsoka m'banja. Iyenso anangolandira osadziwa.

Pakati pa matenda a mtima a cibadwa, ena amakhudza mnofu, ena tizipata, ndipo onse angathe kugwetsa munthu wooneka wamphamvu. Okonda mpira akumbukira Chaswe Nsofwa, womwetsa zigoli wa timu ya dziko lathu, amene anagwa nafa pocita masewera okonzekera ku Be'er Sheva m'dziko la Israel mu August 2007. Akumbukiranso Enock Mwepu, kapiteni wakale wa Chipolopolo, amene mu October 2022, ali ndi zaka 24, analeka mpira madotolo atampeza ndi matenda a mtima a cibadwa pamene ankasewera ku Brighton. Dziko linamva cisoni, koma kupimidwako kunamcenjeza nthawi ikalipo. Odwala Long QT akadziwika, ambiri amakhala moyo wautali pomwa tsiku ndi tsiku mapiritsi monga propranolol, ndi popewa zoyambitsa. Ena ocepa amaikidwa kamakina pansi pa khungu la pacifuwa kobwezera mtima m'njira yake.

Zimene zimaononga tizipata tabwino

Matenda a cibadwawa ndi osowa. Cimene cimacitika kawirikawiri kwathu kuno ndi cakuti munthu wobadwa ndi tizipata tabwino amatisokoneza ndi mankhwala kapena ndi kutaya mcere wa m'thupi.

Kacipata kena ka potasiyamu, kochedwa hERG, kali ndi mphako yotakasuka m'kati mwake, ndipo mankhwala ambiri amakakamiramo nkutseka njira. Pakati pa mankhwala otere pali kwinini, chloroquine ndi halofantrine a malungo, erythromycin, haloperidol wa matenda a maganizo, ndiponso moxifloxacin ndi bedaquiline a TB yosamva mankhwala. Ndiye cifukwa cake kwinini wa m'diripu amayenda pang'onopang'ono kwa maola anai, ndipo odwala TB yosamva mankhwala amajambulidwa ECG kawirikawiri. Akulu akumbukira nthawi imene chloroquine anali m'nyumba iri yonse, boma lisanasankhe Coartem mu 2002 kukhala mankhwala oyamba a malungo. Munthu akamwa chloroquine mopyola muyeso, cimene cimamupha ndi kusokonezeka kwa magetsi a mtima.

Pasakhale wina woleka mankhwala amene anapatsidwa kucipatala cifukwa ca nkhani ino. Pa muyeso wake mankhwalawa amapulumutsa miyoyo yambiri. Ngozi imabwera posakaniza: mapiritsi a kukiliniki, kuonjezapo ogula pa kantemba, kuonjezaponso otsala a mlamu, ndi mizu ya kwa ng'anga pamwamba. Uzani dotolo kapena namwino zonse zimene mukumwa. Akulu anati safunsa anadya phula.

Caciwiri ndi kutsegula m'mimba ndi kusanza. Munthu wotsegula m'mimba amataya madzi pamodzi ndi potasiyamu, ndipo potasiyamu akacepa m'magazi kacipata ka hERG kamagwira nchito mofooka. Kolera inabuka ku Vubwi mu January 2023, ndipo ina yaikulu inayamba ku Lusaka mu October caka comweco, nigwira anthu opitirira 20,000 ndi kupha oposa 700, kufikira bwalo la National Heroes linasandutsidwa cipatala mu January 2024. Paketi ya madzi a moyo, yosungunulidwa mu lita imodzi ya madzi aukhondo, iri ndi potasiyamu pamodzi ndi mcere ndi shuga. Madzi a mcere ndi shuga opanga tokha kunyumba ndi othandiza paketi ikasowa, koma alibe potasiyamu. Cotero wodwala apatsidwenso nthoci, phala, kandolo ndi msuzi wa ndiwo zamasamba, ndipo afulumire naye kucipatala. Mapiritsi ena okodzetsa, a BP ndi a kutupa miyendo, amaturutsanso potasiyamu, monganso kumwa kacasu wambiri popanda kudya. Zakudya zathu za masiku onse, monga kayera, nshawa, ciwawa, matimati ndi kotapela, ziri naye wokwanira. Koma wodwala impso asamale, pakuti kwa iye potasiyamu amaunjikana m'magazi, ndipo akacuruka amaimitsanso mtima. Iyeyo atsate malangizo a dotolo wake.

Nzeru ya tizipata yatipatsanso mankhwala abwino. Amlodipine ndi nifedipine, amene ambiri a inu mumalandira, amatseka pang'ono tizipata ta kalisiyamu ta m'mitsempha ya magazi kuti mitsemphayo imasuke, BP nkutsika. Kafukufuku wa boma wa 2017 anapeza kuti pafupi-fupi munthu wamkulu mmodzi mwa asanu m'Zambia ali ndi BP yokwera. Bungwe la za umoyo pa dziko lonse limalangiza kuti mcere wa tsiku lonse usafike magalamu 5, ndiye kuti kasupuni kamodzi ka tiyi.

Zizindikiro, ndi coyenera kucita

Kukomoka kwambiri sikucokera kumtima. Mwana woima nthawi yaitali padzuwa asanadye kanthu angagwe, ndipo amayamba wamva cizungulire. Kukomoka koyenera kutidetsa nkhawa ndi kumene kwadza mwadzidzidzi munthu ali m'kati mothamanga, mosambira, kapena atangodzidzimuka. Nthawi zina wokomokayo amaphiriphitha, ndipo anthu amati ndi khunyu, mwana nkumamwa mankhwala a khunyu zaka zambiri mtima wake usanapimidwe. Cenjerani ngati m'banja mwanu, kucimuna kapena kucikazi, munafa munthu mwadzidzidzi asanafike zaka 40, kapena wodziwa kusambira anamira m'madzi osazama, kapena khanda linafa m'tulo popanda matenda. Ana ambiri obadwa osamva ali ndi mitima yabwino, koma mwana wosamva amene amakomokanso ayenera kujambulidwa ECG. Makolo ndi aphunzitsi, monga a ku sukulu ya osamva ya ku Magwero, asunge zimenezi.

Yambirani pa kiliniki ya Kapata kapena ina yapafupi. Fotokozani zonse: wodwala ankacita ciani pamene anagwa, anakhala nthawi yotani asanadzuke, ndi ndani wina m'banja anafa motero. Pemphani kalata yopita kucipatala cacikulu, monga Chipata Central kapena St Francis ku Katete, ndipo funsani za ECG. Obvuta amatumizidwa ku Lusaka, kumene kuli National Heart Hospital. Mmodzi akapezeka ndi matendawa, makolo ake, abale ake a mimba imodzi ndi ana ake onse apimidwe, ngakhale akumva bwino.

Munthu akagwa, osayankha, osapuma bwino, musataye nthawi ndi kumthira madzi kapena kumfukiza. Tumani wina akafune galimoto ndi thandizo. Mgonekeni cagada pamalo olimba, ikani dzanja limodzi pamwamba pa linzake pakati pa cifuwa, ndi kukanikiza mwamphamvu masentimita 5 kapena 6, ka 100 kufikira ka 120 pa mphindi, osalekeza, mukulandirana, kufikira a cipatala atamlandira. Kukanikizako kumatumiza magazi ku bongo. Mu June 2021 Christian Eriksen wa ku Denmark anagwa pabwalo la mpira ku Copenhagen mtima utaima. Anapulumuka cifukwa anamkanikiza pacifuwa nthawi yomweyo ndi kumgunda ndi makina a magetsi, ndipo mu 2022 anayambanso kusewera.

Mkristu pa maliro otere

Abale ndi alongo, Eklezia satiuza kuti kufunsa cifukwa ca imfa nkulakwa. Wofedwa ali ndi ufulu wofunsa. Cimene tiyenera kusamala ndi kumene tipita nalo funsolo. Ophunzira a Ambuye Yesu ataona munthu wobadwa wosaona anafuna kudziwa amene anacimwa, ndipo Ambuye anakana kuloza munthuyo kapena makolo ake. Lamulo lacisanu ndi citatu limatiletsa kunamizira mnzathu, ndipo kuchula munthu kuti ndi mfiti popanda umboni ndi kumupha akali moyo. Ngakhale lamulo la dziko lathu, Witchcraft Act, limati kuchula munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Agogo ambiri athamangitsidwa m'midzi yao, ena atenthedwa nyumba, cifukwa ca imfa imene sanaidziwe konse.

Palinso kutaya kwina kumene sitikuwerengera. Banja likakhutira kuti mwana analodzedwa, nkhani imathera pomwepo. Mbuzi ndi ndalama zimapita kwa ng'anga, koma mlongo wa malemu, amene mwina ali ndi kacipata komweko, sapita kukapimidwa, ndipo amapitiriza kusambira mumtsinje ndi kumwa mapiritsi ali onse. Patapita zaka ziwiri kapena zitatu maliro ena amagwa, ndipo anthu amati mfiti ija yabweranso.

Apa ndi pamene mphakati uli ndi nchito. Ndife amene timafika poyamba pa nyumba ya maliro, timagona pamenepo, timaimba usiku wonse, ndipo timamva zonong'onedwa kuseri kwa nyumba. Atsogoleri a mphakati, a bungwe la amai ndi akatekisti alankhule ndi eni mbumba modekha, maliro ataikidwa, ndi kufunsa ngati imfa yotere inacitikapo kale m'banjamo. Ngati inacitikapo, alimbikitse otsala kupita kucipatala, ndipo ngati ndalama ya ulendo yasowa, copereka ca mphakati cingathandize monga momwe cimathandizira pogula bokosi. Ateteze nkhalamba imene yayamba kulozedwa zala, aicezere poyera kuti onse aone. Pempheninso anamwino a m'parishi mwanu kuti tsiku lina la Mulungu, Misa itatha, aphunzitse anyamata ndi atsikana kukanikiza pacifuwa. Mulungu amene analenga tizipata tosaoneka ndi maso anapatsanso anthu nzeru yotitulukira, ndipo kulandira nzeruyo ndi njira imodzi yomthokozera. Ambuye asunge mabanja anu onse.